Nsanza za m'mapatini anga

Lachisanu, 13 Juni

Lero ndinadzuka kunja kuli chisanu chija cha kwathu ku Massangulo chimene chimalowa mpaka m'mano. Ndikulemba izi ndili ku Cuamba, pakhonde la azakhali anga, dzuwa lisanalowe, chifukwa ndikadikira mawa zina ndiiwala.

Ndiyambe ndi chimene ndabwerera kuno. Kusukulu kwathu timasewera hoki wa pa matayala. Anatiphunzitsa ndi a Profesora Selina, amene anakulira ku Quelimane ndipo ankasewera ali mtsikana. Timavala mapatini, nsapato za matayala anayi, n'kumathamangitsa kampira kolimba ndi ndodo zopindika kumapeto, pa simenti ya bwalo la basiketi. Mwezi watha a Profesora anamva kuti koleji ina ya ku Nampula ikutumiza mphunzitsi wa masewera ku Cuamba kudzasankha atsikana anayi. Osankhidwawo akaphunzira ulere, kudya ndi kugona komweko. Pasukulu pathu a Profesora anatumiza awiri, ine ndi Lusiya. Ndili m'kalasi lomaliza. Ndikapanda kupita ku Nampula, chaka chamawa ndidzakhala pamsika ndi amayi kugulitsa tomato, chifukwa za koleji kwathu sitingazithe.

Vuto langa limaonekera patali. Ndine wamfupi. Ndili ndi zaka 17, koma ndikaima ndi Lusiya mutu wanga umalekeza m'khwapa mwake. Kusukulu iye amamutcha Mlongoti, ine Kachitsa. Sabata yonseyi anyamata a m'kalasi akhala akundiuza kuti anthu a ku Nampula amabwera ndi tepi yoyezera, ndipo wamfupi amamubweza asanagwire ndodo n'komwe.

Vuto lachiwiri amalidziwa ndi amayi, Lusiya ndi a Profesora okha. Mapatini a pasukulu pathu ndi opatsidwa, ndipo onse ndi a mapazi a amuna akuluakulu. Anga ndi nambala 42, pamene phazi langa ndi 35. Nditayamba kusewera, amayi anang'amba kapulana yawo yakale, nsalu ija ena amati chitenje, m'timizere titalititali, ndipo ndinatipinda n'kutiika kutsogolo ndi m'mbali mwa nsapato. Zaka ziwiri za thukuta zinaumba nsanzazo kukhala ngati chisa cha phazi langa, chala chilichonse ndi malo ake. Popanda izo phazi limangosambira mkati.

A Profesora ali ndi pakati potopa, ndiye sakanatha kuyenda nafe. Anabwera kumsewu m'mawa atafunda bulangeti, n'kutipatsa kalata.

"Mukafike 2 koloko isanakwane. Akatseka buku la maina sadikira munthu." Kenako anandikoka pambali. "Iwe Kachitsa, usakayang'ane mitu ya anzako. Kayang'ane mpira. Uli pansi, ndipo amene ali nawo pafupi kuposa onse ndiwe."

Amayi sananene zambiri. Anandipatsa chinangwa chophika m'kapepala, anandikonza mpango kumutu, n'kuti, "Mulungu akutsogolere."

Galimoto yoyamba sinavute. Inali yotsegula kumbuyo, yodzaza matumba a nyemba, ndipo tinakhala pamwamba pa matumbawo titafunda kapulana imodzi awiri. Mphepo inandiumitsa makutu. Lusiya ankayimba kuti mano asagundane, ine nditakumbatira chikwama cha mapatini ngati muli mazira. Tinatsika pa Mandimba 8 koloko isanakwane, ndipo ndinati mumtima, nthawi ilipo yambiri. Ndinafulumira kusangalala.

Pokwerera panali shapa ziwiri, maminibasi a ku Cuamba. Ina inali ndi anthu atatu okha, inayo inkaoneka yodzaza. Kobradoro wake wotolera ndalama, bambo a imvi za apo ndi apo amene aliyense ankawaitana kuti a Ajibu, ankamenya chitseko ndi chikhatho.

"Cuamba! Cuamba! Atsala awiri basi, tikunyamuka!"

Tinathamangira imeneyo. Titangolipira n'kukhala, bambo amene anali pawindo anatsika ngati akukagula fodya. Patapita kanthawi anatsikanso wina, kenako awiri pamodzi. Posakhalitsa onse ndinawaona pansi pa mtengo wa mango akumwa tiyi, ndipo m'galimoto tinatsala anthu asanu.

Kumbuyo kwathu kunali mayi onenepa, ochita malonda a nsomba zouma za kunyanja ya Amaramba. Anati tiziwatcha mayi a Saide. Anatiyang'ana n'kuseka mpaka madengu awo kugwedezeka.

"Ana inu, ndi ulendo woyamba? Amene atsikawo ndi nyambo. Amawakhazika kuti galimoto ioneke yodzaza. Nsomba ndinu."

"Nanga inu mayi munakwereranji mukudziwa?" anafunsa Lusiya.

"Inayonso ili ndi nyambo zake, mwananga. Atatu mukuwaonawo, weniweni palibe."

Tinadikira. 9 koloko inakwana tili pompo. Njinga za kabaza zinkabwera kuchokera kumalire a Malawi, zina zitasenza anthu, zina shuga, ndipo iliyonse ikayandikira ndinkapemphera kuti wotsikayo akhale wa ku Cuamba. Oyendetsa galimoto ankaliza injini, kusuntha pang'ono ngati tikupita, n'kuzimitsanso. Tinazungulira msika kawiri kusaka anthu ndipo tinabwerera pamtengo womwewo wa mango. Tinadya chinangwa chonse. Lusiya ankangoyang'ana nthawi pa foni yake mpaka ndinamuuza kuti ayibise, ikundidwalitsa.

A Ajibu anaona ndodo zathu zitatsamira pawindo.

"Asikana inu, ku Cuamba mukukakumba mbewa?"

Lusiya anawafotokozera zonse, za hoki, za koleji, za atsikana anayi. Anamuyang'ana iye kuyambira kuphazi mpaka kumutu n'kugwedeza mutu movomera. Kenako anayang'ana ine.

"Nanga kamwana aka kakukakunyamulira madzi?"

"Nanenso ndimasewera, bambo."

"Ayi ndithu? Chabwino, wosewera wamkulu, ukhale pamiyendo pa achemwali akowa, ndikubwezera theka. Pampando wako pakhale munthu."

"Inenso ndine munthu, bambo. Ndalipira zonse."

Anthu anaseka, koma galimoto itadzazadi cha m'ma 10 koloko, sizinandithandize. Panalowa bambo wina ndi batire ya galimoto, mayi wa ana awiri, ndi ena ambiri, ndipo a Ajibu anandisamutsira pakabenchi kakumbuyo kwa oyendetsa, kamene munthu amakhala atayang'ana anzake, pamwamba penipeni pa injini. Anati malo amenewo amakwana ine ndekha. Mawondo anga anagundana ndi a Lusiya njira yonse.

Titatuluka m'tauni mayi a Saide anayambanso nkhani ija.

"Usandide, mwananga, koma ndikuuze zoona. Masewera ogundana amafuna thupi. Mnzakoyu ndiye akamutenga. Iwe akangokugunda kamodzi ukapezeka ku Malawi."

"Simunamuone akusewera, mayi," anatero Lusiya. "Amadutsa pansi pa mkono wanga ine ndisanatembenuke."

"Ndiye akamuona bwanji amene akusankhayo, poti amadutsa pansi?"

Shapa yonse inaseka, ndi ine ndemwe ndinaseka, koma kenako ndinaweramitsa mutu. Mayiwo anaona. Anapisa m'dengu n'kundipatsa nsomba ziwiri zouma.

Titadutsa Mississi ndinayamba kumva kutentha pansi panga. Poyamba ndinakondwera nako chifukwa cha chisanu cha m'mawa chija. Kenako kunafika poti sindikanatha kukhazikika.

"Bambo, pano pakuwotcha."

"Ndi injini imeneyo, imatero."

"Ayi bambo, pakutuluka utsi."

Oyendetsa anacheuka kamodzi n'kuimika galimoto pambali pa msewu. Atatukula mpando, nthunzi inadzaza m'galimoto monse, ndipo tinatsika mopanikizana, ana akulira. Paipi ya mphira yopititsa madzi ku injini inali itang'ambika, mng'alu wotalika ngati chala. Nthawi inali itadutsa 12 koloko. Kumanzere kunali minda ya chimanga chouma, kumanja thengo, patali nyumba zitatu zaudzu.

Tinadikira kuti injini izizire. A Ajibu anatenga zigubu ziwiri kupita kunyumba zija kukapempha madzi. Amuna ena anayala malaya pansi pa mtengo n'kuswali, poti linali Lachisanu ndipo kumzikiti sakanafikako. Panadutsa shapa imodzi ya ku Cuamba, yodzaza mpaka munthu kulendewera pachitseko. Lusiya anaikupiza ndi manja onse awiri, koma inangotilizira hutala.

Oyendetsa, bambo osalankhulalankhula, anati paipi imeneyi imatheka. Apakapo sopo wamtanda, akulunga nsalu mothina, n'kumanga pamwamba ndi mphira wa chubu. Sopo analipo, mphira anamasula pa katundu. Chimene chinasowa ndi nsalu. Kasanza kawo kopukutira mafuta kanali kakang'ono ngati chikhatho.

"Amayi, tithandizeni kapulana imodzi ting'ambe," anatero a Ajibu atabwera ndi madzi.

"Ng'ambani malaya anuwo," anayankha mayi wa ana awiri uja. "Yanga ndagula dzulo."

"Ine ndikupita ku maliro, ndikafike ndi kapulana yoduka?" anatero wina.

Mayi a Saide anali ndi imodzi yokha, imene anavala. "Mukufuna ndikalowe mu Cuamba bwanji, a Ajibu? Muli ndi ndalama ya mlandu?"

Apo ndi pamene Lusiya anayankhula osaganiza. "Zainabu ali ndi nsalu zong'amba kale. Zazitali. Zili m'mapatini mwake."

Ndinamuyang'ana ndipo anazindikira pomwepo chimene wachita. Anagwira pakamwa. Koma mawu anali atatuluka, ndipo maso onse anali pa chikwama changa.

Ndinapita kuseri kwa galimoto ndi chikwamacho. Lusiya ananditsatira.

"Pepa, Zai. Ukane basi. Unene kuti ndanama."

Ndinaganiza mofulumira. Ndikakana, ndikhala ndi mapatini ondikwana pakati pa thengo, buku la maina likutsekedwa ku Cuamba, ndipo Lusiya naye alephera chifukwa cha ine. Ndikapereka, ndikafika, koma ndi nsapato zimene sindingathe kuimamo. Njira zonse ziwiri zinali zowawa, koma imodzi yokha ndi imene inkafika ku Cuamba.

Ndinalowetsa dzanja n'kuzula chisa chakumanja, kenako chakumanzere. Zinatuluka zili ndi maonekedwe a zala zanga. Pozimasula zinkakana, zitamatana, ndipo maluwa achikasu a kapulana ya amayi anaonekera mkati momwe dzuwa ndi fumbi sizinafikeko. Sindinalire, koma zinatsala pang'ono.

Nditazipereka, mayi a Saide anatseka mphuno. "Iii, mwananga! Ndipo anthu amanena nsomba zanga!"

Ngakhale oyendetsa aja anamwetulira. Anakulunga mizere yonse, wina pamwamba pa unzake, akupaka sopo, n'kumanga ndi mphira mpaka mitsempha ya m'manja kutuluka. Anathira madzi. Tonse tinawerama kuyang'ana. Kadontho kamodzi, kenako kena, kenako zii.

Tinanyamuka itadutsa 1 koloko, tikuyenda pang'onopang'ono ngati tanyamula wodwala. A Ajibu anachotsa bambo wa batire pampando wapawindo n'kundikhazika ine, iye n'kumuika pa injini. Anadandaula, koma palibe anamumvera. Panjira tinaima kawiri kuthira madzi. Nthawi ya 2 koloko inatipeza mapiri a Cuamba akungoyamba kuoneka. Lusiya anandigwira dzanja.

Polowa m'tauni mayi a Saide anamenya denga la galimoto kuti oyendetsa amve.

"A motorista, musatitsitse kaye. Yambani mwakasiya ana awa kubwalo."

"Si njira yathu imeneyo, mayi," anatero a Ajibu.

"Galimoto ino ikuyenda ndi mapazi a mwanayu. Mukatsutsa, amasule nsanza zake pompano, tione ngati mufike."

Anthu anavomereza, ndipo shapa yonse, madengu, batire ndi ana, inakhotera kubwalo. Potsika a Ajibu anandipatsira ndodo yanga ndi manja awiri. "Ukawakumbe mbewa, wosewera wamkulu."

Tinachedwa ndi theka la ola. Atsikana oposa makumi awiri anali atavala kale, ena akuzungulira pa simenti. Mayi amene anali ndi buku la maina anawerenga kalata ya a Profesora, anayang'ana fumbi lathu, n'kutsegulanso bukulo. Mphunzitsi wa ku Nampula, amene onse ankamutcha a Mista, anali bambo wamimba, wotsimphina mwendo umodzi. Ndipo anyamata a m'kalasi sananame: tepi inalipo, ili m'khosi mwawo. Anamuyeza Lusiya n'kutchula nambala. Anandiyeza ine, n'kutchula nambala. Mayi aja analemba.

Ndinalibe nthawi yosaka nsalu. Ndinang'amba mapepala akumapeto kwa buku lino, n'chifukwa chake laonda, ndinawafinya n'kuwaika kutsogolo kwa nsapato pamodzi ndi masokosi a Lusiya. Ndinamanga zingwe mpaka mwendo kuchita dzanzi.

Anatigawa anayi anayi. Mluzu utalira ndinathamangira mpira, ndipo potembenuka koyamba phazi linaterereka mkati. Potembenuka kachiwiri patini yakumanzere inavuka. Ine ndinagwa chagada, iyo n'kupitiriza ulendo yokha, kudutsa bwalo lonse, mpaka kukagunda phazi la a Mista. Atsikana anaseka, ena mpaka kugwira mawondo. Ndinafuna simenti itseguke ndilowe.

A Mista anatola patini ija. Anatulutsa sokosi, anatulutsa mapepala, anayang'ana nambala yapansi. Kenako anabwera pamene ndinakhala n'kuyang'ana phazi langa.

"Izi ndi zako?"

"Ndi za sukulu, a Mista."

"Wasewera nazo nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka ziwiri."

"Ndi mapepala?"

"Ndi nsanza. Koma nsanzazo zamanga paipi ya shapa imene tabwera nayo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kudziwa ngati ndikuwaseka. Kenako anapita pa thumba lalikulu limene linali pambali, anafufuza mpaka pansi, n'kubwera ndi mapatini ang'onoang'ono ofiira, okalamba, oti ankavala ana.

Phazi linalowa ngati kwawo. Sindinadziwe kuti nsapato imatha kugwira chidendene chonchi. Koma nditaimirira ndinapeza vuto lina: anali opepuka kwambiri. Miyendo yanga inazolowera kukoka katundu, ndiye ndikati ndikhote pang'ono ndinkazungulira thupi lonse. Ndinagwa kawiri ndekha popanda wondikhudza. Kachitatu anandigwetsa mtsikana wina wamkulu wa kuno ku Cuamba, wa mapewa ngati chitseko, ndipo ndinakumbukira mayi a Saide, chifukwa ndinatsala pang'ono kufikadi ku Malawi. Chigongono chikutuluka magazi mpaka pano.

Ndinadzuka. Ndinasiya kuyang'ana mitu. Chakumapeto miyendo inayamba kumva nsapato zatsopanozo. Mtsikana wamkulu uja anatenga mpira kuseri kwa golo, kumene malo ndi opanikiza, ndipo anafunika kutembenuka ndi thupi lake lonse. Ine ndinalowa pakati pa iye ndi khoma, ndinakokera mpira kwanga, n'kutulukira mbali inayo asanadziwe kumene ndapita. Lusiya anali kutsogolo ndodo ili pansi. Ndinamupatsira ndipo anamwetsa. Chinali chinthu chimodzi chokha chabwino chimene ndinachita tsiku lonse, koma a Mista anali akuyang'ana.

Pomaliza anati atchula asanu ndi atatu oti abwerenso mawa, ndipo mwa amenewo ndi mmene mutuluke anayi. Lusiya anali wachiwiri. Wamapewa uja wachitatu. Ndinawerenga ndi zala mpaka zisanu ndi ziwiri, kenako ndinamva, "Zainabu wa ku Massangulo."

Pobweza mapatini ofiira aja ndinalimba mtima n'kufunsa. "A Mista, tepi ija ikutanthauza kuti wamfupi simumutenga?"

"Usanamizidwe, msinkhu umathandiza," anatero. "Wamtali amafika patali ndi ndodo, ndipo akakugunda umamva, waona wekha. Pa anayiwo ndikufuna akuluakulu atatu. Wachinayi ndikufuna woti akuluakuluwo azimusowa. Lero ndakuona kamodzi kokha. Kamodzi sikandikwanira. Mawa ndikuika pa yemwe anakugwetsa uja kuyambira poyamba mpaka pomaliza." Anandikankhira mapatini aja. "Pita nawo. Ukagone nawo ngati ukufuna, koma uwazolowere."

Mapatiniwo ali pano pambali panga, ndipo azakhali andimanga kale chigongono. Lusiya wapepesanso kachitatu za nsanza zija, ndipo ndamuuza kuti akapepesa kachinayi ndimumenya ndi ndodo. Akanakhala chete, bwenzi nsanza zanga zili m'malo mwake, ndipo mwina ndikanamaliza sukulu osadziwa kuti zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikuthamanga nditanyamula nsapato za munthu wina.

Amayi ndawaimbira pa foni ya azakhali. Nditawauza kumene kapulana yawo yatsala, anaseka n'kuti ali ndi ina yakale, ayambe kung'amba? Ndawauza kuti adikire kaye.

Masewera ayamba 9 koloko. Mlonda wa pabwalo wandiuza kuti amatsegula geti dzuwa likangotuluka. Ndikangoswali m'mawa ndipita ndekha, ndikazungulire kuseri kwa golo lija, kumanja ndi kumanzere, mpaka miyendo iiwale nambala 42.